Njovu Inafa Kale, Akutero Ogulitsa Malumo

Loweruka lina m'mawa, pamsika wa zinthu zakale m'tauni ina ya kumpoto kwa England, ndinaima patebulo la mkulu wina wogulitsa mawotchi, mipeni ndi malumo. Malumowo anali asanu ndi limodzi, atawayala pansalu yobiriwira, onse a mtundu uja wopinda umene azibambo a kumeneko ankametera ndevu lezala lisanabwere. Limodzi linkawala ngati galasi, ndipo mpini wake unali woyera mopita kuchikasu, ngati chambiko. Pa kapepala kamene anamangirira ndi ulusi panalembedwa kuti mpiniwo ndi fupa la ng'ombe. Mtengo wake unali mapaundi 140.

Ndinalitola n'kulitembenuza padzuwa. Fupa limadziwika ndi timadontho takuda, timabowo momwe munkadutsa mitsempha nyama ili moyo. Apa panalibe kadontho n'kamodzi komwe. Mbali ziwiri za mpiniwo zinali zopyapyala ngati chikhadabo, mizere yake yoyenda mosalongosoka ngati ya thabwa, ndipo timisomali tolumikiza anatikhoma popanda timphete. Aliyense amene wagwirapo malumo akale amadziwa chimene zimenezi zikunena.

"Bambo, uwutu ndi mnyanga wa njovu," ndinatero.

Sanakane. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anamwetulira ngati akulankhula ndi mwana. "Mnzanga, njovu imeneyo inafa agogo a agogo anu asanabadwe. Ndikalitaya lumoli, idzuka?"

Ndinasowa chonena. Ndinabweza lumo pansalu paja n'kumapita, koma funsolo linanditsata mpaka m'basi. Si la mkulu ameneyu yekha. Mudzalimva kulikonse kumene anthu akugulitsana malumo akale, pamsika kapena pa intaneti, ndipo wolifunsa amakhala ndi nkhope ya munthu amene mlandu wamukomera kale. Ine ndikuti sunamukomere, ndipo yankho limene linandithawa tsiku lija ndi limene ndikulemba pano.

Musandiyese mdani wa malumo akale. Ndevu zangazi ndimameta ndi lumo la ku Sheffield limene ndinagula mapaundi 15, la mpini wa nyanga yakuda, wofumbwa ndi tizilombo pangodya imodzi. Pakhosi pake, pafupi ndi mpini, pali dzina la wopanga ndi la mzinda, koma palibe mawu oti England. Izi zikusonyeza kuti mwina linasulidwa chisanafike chaka cha 1891, pamene lamulo la msonkho la ku America, lija la McKinley la 1890, linayamba kufuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko limene wachokera. Ndisanamete ndimalikoka palamba wachikopa maulendo 40, msana patsogolo, mbali yakuthwa ikutsata pambuyo. Kawiri pachaka ndimalinola pamwala wachikasu wa ku Belgium wotchedwa coticule, umene amakumba m'mapiri a Ardennes. Mwezi woyamba nkhope yanga inkaoneka ngati ndalimbana ndi mphaka, mpaka dzanja linaphunzira kuti lumo salikankha. Umakoka khungu ndi zala, kuligoneka lumolo pang'ono, n'kulisiya lidziyendera lokha m'thovu.

Ndipotu lumo si lachilendo kwa ife. Mawu oti lumo ndi akale kuposa oti lezala. Osula a kwathu ankalisula, ankametera anamwali kutsimba, ankametera ofedwa maliro akatha, asing'anga ankatemera mphini. Chimene makolo sankadziwa, ife tikuchidziwa: lumo limodzi ndi la nkhope imodzi. Kachilombo ka nthenda ya chiwindi ya hepatitis B kamatha kukhala moyo m'magazi ouma pachitsulo sabata yathunthu, n'chifukwa chake ometa anthu ambiri masiku ano amagwiritsa chometera chooneka ngati lumo koma chosinthira lezala pa munthu aliyense. Amene amasirira wometa wakale uja, wometa mudzi wonse ndi chitsulo chimodzi, akusirira chinthu chimene sakanalola kuti chiyandikire khosi lake.

Chimene chimandikopa m'lumo lakale n'chakuti limachotsa munthu m'goli. Mu 1903 kampani ya King Camp Gillette inagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 basi. Dziko la America litalowa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, boma linagula zometera za Gillette pafupifupi 3.5 miliyoni n'kugawira asilikali, ndipo anyamatawo atabwerera kwawo sanafunenso lumo la atate awo. Nzeru ya malonda amenewa inali yoti ndevu sizisiya kumera, ndiye munthu asasiyenso kugula. Mu 1975 kampani ya Bic inatulutsa chometera chapulasitiki chotaya chonse, mpini ndi mutu womwe. Lero munthu amagula timitu ta malezala atatu kapena asanu pamtengo woti akanadyera masiku angapo, n'kutaya mwezi usanathe. Lumo langa lameta nkhope za anthu kwa zaka zoposa 100, ndipo ngati sindiligwetsa pansi lidzametanso wina ine nditapita. Pa zimenezi ine ndi ogulitsa malumo akale tili kumodzi. Tikusiyana pa nthano imene amakulungiramo katundu wawo.

Nthanoyo inakula kwambiri kuchokera mu 2012, pamene mu kanema wa James Bond wotchedwa Skyfall mkazi wina anameta Bond ndi lumo lopinda. Amuna ambiri anatuluka m'nyumba zoonera kanema akufuna lumo. Mitengo inakwera, ndipo aliyense amene anapeza kabokosi m'kabati ya malemu agogo ake anasanduka katswiri. Chimene akugulitsa tsopano ndi chithunzi cha bwana wa ndevu zosamalika atatsamira pampando wachikopa, thaulo lotentha lili kumaso, m'nthawi imene akuti amuna anali amuna ndipo zinthu zinkapangidwa ndi mtima wonse. Chitsulo chimangobwera ngati mbasela.

Kuti chithunzicho chioneke bwino, lumo liyenera kuwala. Choncho wogulitsa wamakono akalipeza amathamanga nalo kumakina opukutira. Apa ndi pamene malumo ambiri amafera. Lumo lokumbidwa m'mbali zonse, limene Angerezi amati hollow ground, limapyapyala ngati pepala cha kumbali yakuthwa. Likatentha pamakina ngakhale kwa kamphindi, kulimba kumene wosula analipatsa ndi moto ndi madzi kumachoka, ndipo lumolo silidzasunganso kuthwa ngakhale mulinole tsiku lonse. Zilembo zimene anazokota pachitsulo zimafufutika, ngodya zimasanduka zobulungira. Kunja kumawala ndithu, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Wogula wanzeru sayang'ana kuwala. Amayang'ana msana, kuti aone ngati mwala wonolera unaudya kwambiri kapena mbali imodzi. Amayang'ana ngati dzimbiri lafika pambali yakuthwa, chifukwa dzimbiri la pamsana ndi litsiro chabe koma la pakuthwa ndi chilonda. Amafufuza mng'alu, chifukwa lumo long'aluka lilibe mankhwala. Ngati mpini ndi wa seluloyidi, pulasitiki yoyamba ija, amanunkhiza: seluloyidi akayamba kuwola amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo chimene chapindidwa m'kati mwake, ngakhalenso malumo ena osungidwa m'bokosi lomwelo. Ndipo akamva wogulitsa akuti lumo ndi lonolanola, longofikira kumeta, amafunsa kuti wanola ndani, pamwala wanji. Kumeta ubweya wa pamkono si umboni. Ngakhale mpeni wa kukhitchini umatha zimenezo.

Bodza m'malonda amenewa silinabwere ndi intaneti. Chitsulo cha ku Sheffield chinali chabwino zoona. Ankaitanitsa chitsulo choyera cha ku Sweden, n'kuchiwotcha ndi makala kwa masiku, kenako n'kuchisungunula m'miphika yadothi monga mwa njira imene Benjamin Huntsman anatulukira m'ma 1740. Koma pamwamba pa ubwino umenewu ankawonjezapo zokometsera. Michael Faraday ndi James Stodart atayesa kusakaniza siliva pang'ono m'chitsulo kumayambiriro kwa ma 1820, mawu oti silver steel anadzaza pamalumo kwa zaka zambiri, ngakhale pa amene munalibe siliva. Opanga ena a ku Solingen, ku Germany, ankadinda mayina ooneka ngati a ku Sheffield pakatundu wawo, mpaka dziko la Britain linaika lamulo mu 1887 lokakamiza kuti katundu wotere azilembedwa kumene wapangidwa. Lero wogulitsa akakuuzani kuti chitsulo chotere sichipangidwanso padziko lapansi, kumbukirani kuti Dovo ku Solingen ndi Thiers-Issard ku France akusulabe malumo ometa bwinobwino.

Mabodza onsewa amangobera munthu ndalama, ndipo safunsa anadya phula. Amene akundiwawa ine ndi aja opukuta anthu m'nkhaniyi, monga momwe makina amapukutira zilembo pachitsulo.

Pakhosi pa lumo mumawerenga Wade & Butcher, George Wostenholm kapena Joseph Rodgers & Sons, ndipo wogulitsa amatchula mayinawa ngati akutchula oyera mtima. Amenewa anali eni makampani. Lumo lenileni linkadutsa m'manja mwa wosula, wonola, woumitsa chitsulo ndi wokhoma mpini, ambiri mwa iwo ogwira ntchito paokha m'tizipinda tabwereka, olipidwa powerenga madazeni. Mayina awo palibe pamene analembedwa. Ku Sheffield, m'mphepete mwa kamtsinje ka Porter Brook, kuli nyumba yonolera yakale yotchedwa Shepherd Wheel, yoyendera madzi, imene anaisunga kuti anthu aziona. Mukalowamo mumaona momwe wonola ankakhalira: atatang'adza pabenchi, atawerama pamwala waukulu wozungulira, mphuno ili pafupi ndi chitsulo, tsiku lonse. Mwala wina unkaphulika uli pa liwiro n'kupha munthu pomwepo. Koma chimene chinapha ambiri ndi fumbi. Friedrich Engels, m'buku lake la 1845 lonena za moyo wa anthu apantchito ku England, anabwereza zimene dokotala wa mumzindawo, Arnold Knight, anaona. Onola mafoloko, amene ankanola pamwala wouma, ankafa ali ndi zaka 28 mpaka 32. Onola malumo, amene ankagwiritsa mwala wouma ndi wonyowa womwe, ankafa pakati pa zaka 40 ndi 45. Ambiri ankayamba ntchitoyi ali anyamata a zaka 14.

Nthenda imeneyi ife a kumwera ndi pakati pa Africa timaidziwa. Ndi fumbi la mwala lomwelo limene linatseka mapapo a amuna athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela, nabwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosamva mankhwala. Zinatengera mpaka mu 2019 kuti khoti la ku Johannesburg livomereze chipepeso cha R5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide amene anadwala silikosisi ndi TB. Onola a ku Sheffield sanalandire ngakhale chimenecho. Ndiye munthu akandiuza kuti lumo langa linapangidwa m'nthawi imene amisiri ankakonda ntchito yawo, ndimaganiza za bambo wa zaka 42 akutsokomola magazi m'chipinda chamdima. Mwina ankaikondadi ntchitoyo, chifukwa luso lake ndikuliona ndi maso anga m'mawa uliwonse. Koma amene akulemera ndi luso limenelo lero azitchulako mtengo umene mwini wake analipira.

Tibwerere kwa njovu ija. Kampani ya Joseph Rodgers & Sons, ya pa Norfolk Street, inali ndi chipinda chapansi chodzaza minyanga, chimene mpaka anachijambula zithunzi monyadira. Mu 1878 mokha kampaniyi inagwiritsa ntchito minyanga 2,561, yolemera matani 26. Gawani pawiri. Ndi njovu zoposa 1,200, m'chaka chimodzi, kampani imodzi, mumzinda umene munali makampani ambirimbiri a mipeni. Minyangayo inkasanduka mipini ya mipeni ya patebulo, ya timipeni ta m'thumba ndi ya malumo a anthu olemera. Ena mwa anthuwa ankagula bokosi la malumo asanu ndi awiri, lililonse litalembedwa tsiku lake pamsana, poti ankakhulupirira kuti chitsulo chimafuna kupuma.

Chaka chomwecho cha 1878, ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes Company, Mandala wathu uja. Inabwera ndi mawu a malonda achikhristu, koma m'zaka zake zoyamba katundu amene ankaipindulitsa anali minyanga, ndipo kugula minyanga n'kumene kunaifikitsa ku Karonga, kwa Mlozi. Isanabwere Mandala njira zinali zitapondedwa kale. A Jumbe ku Nkhotakota ankawolotsa minyanga panyanja ndi zombo kupita ku Kilwa. Mafumu achiyao monga Mponda, Makanjira ndi Mataka anakula ndi malonda omwewa. Achikunda ankasaka m'chigwa cha Zambezi ndi Luangwa, Abisa ankanyamula kuchokera kumpoto kwa Zambia. M'maulendo omwewo, m'njira zomwezo, munkayendanso anthu omangidwa magoli, ndipo mfuti ndi onga zimene ankasinthanitsa ndi minyanga ndi zomwe zinkawotcha midzi. Ku London minyanga ya ku Congo, ya ku Sudan, ya ku Zanzibar ndi ya ku Quelimane inkagulitsidwa pa okushoni, ndipo mnyanga ukachekedwa sunenanso kwawo. Choncho mpini uja wa patebulo ukhoza kukhala wa njovu ya kulikonse mwa maiko amenewa. Chimene sungakhale ndi fupa la ng'ombe.

Mkulu uja anganene kuti zonsezi n'zomvetsa chisoni, koma funso lake lidakalipo: njovu idzuka? Sidzuka. Koma iye sanaike njovu yakufa patebulo. Anaikapo mtengo. Mapaundi 140 aja akuuza aliyense wodutsa kuti mnyanga ndi chinthu chosiririka, choposa nyanga ya ng'ombe kakhumi, ndipo uthenga umenewo sufika kwa njovu za mu 1878, umafika kwa zamoyo. Komanso msika wa minyanga yakale ndi khomo lolowera yatsopano. Mnyanga wa chaka chatha ukanyikidwa mu tiyi umaoneka wa zaka 100, ndipo wapolisi sangathe kuyeza chidutswa chilichonse. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa ndi pangano la CITES mu 1989, koma zinthu zakale zinapatsidwa mpata, ndipo bungwe la Environmental Investigation Agency linapeza kuti pakati pa 2010 ndi 2015 dziko la Britain linatumiza kunja zinthu za minyanga zoposa 36,000, kuposa dziko lina lililonse. N'chifukwa chake linakhazikitsa lamulo la Ivory Act mu 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 June 2022. Lamuloli limaletsa kugula ndi kugulitsa zinthu za minyanga ya njovu, kupatula zochepa zimene linatchula. Chinthu chopangidwa chisanafike chaka cha 1947 chimaloledwa pokhapokha ngati mnyanga uli wosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a chinthu chonsecho, ndipo chiyenera kulembetsedwa. Lumo la mpini wonse wa mnyanga silingalowe pampata umenewu. Mkulu uja ankadziwa, n'chifukwa chake anayang'ana uku ndi uku.

Kapepala kaja kakunena zambiri kuposa mwini wake. Munthu wokhulupirira kuti sakulakwa amalemba dzina lenileni la katundu wake. Kale opanga mipini ya seluloyidi ankaijambula timizere kuti ifanane ndi mnyanga, n'kuitcha French ivory, pofuna kuti wosauka adzimve ngati bwana. Lero zatembenuka. Mnyanga weniweni ndi umene ukubisala m'dzina la pulasitiki kapena la fupa, wogulitsa akutsinzinira wogula kuti amvane. Kampani ya eBay inaletsa minyanga kuyambira mu 2009, ndipo chichokereni nthawi imeneyo mabungwe oteteza nyama akhala akupeza minyanga pa intaneti yobatizidwa mayina ngati amenewa. Chizindikiro chake ndi mtengo. Palibe amene amalipira ndalama zotero chifukwa cha fupa la ng'ombe.

Pali chinanso chimene chinandikwiyitsa ndili m'basi muja, ndipo n'chimene sindinathe kuchinena m'Chingerezi nthawi yomweyo. Ku Malawi, kuchokera pamene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, munthu wopezeka ndi mnyanga akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Mu March 2016 boma linawotcha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu. Nkhalango ya Nkhotakota, imene kale inali ndi njovu zoposa 1,500, inatsala ndi zosakwana 100, mpaka anachita kusamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Ku Kasungu anasamutsirako 263 mu 2022, ndipo kuchokera pamenepo anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula kuti njovu zikutha minda ndipo zaphapo anthu. Mlimi ameneyu amagona m'munda ndi chitini ndi tochi. Akauzidwa kuti njovu ndi chuma cha dziko lonse lapansi, amapirira. Akagwidwa ndi kachidutswa ka mnyanga, palibe woweruza amene angamve zoti njovuyo inafa kale. Nanga mkulu wa nsalu yobiriwira, amene njovu anangoiona pa TV, ufulu wodya nawo mnyanga akuutenga kuti?

Ndikudziwa kuti owerenga ena a ku Zimbabwe, Botswana ndi Namibia akupukusa mitu. Maiko amenewa ali ndi njovu zambiri ndi minyanga yodzaza nkhokwe za boma, ndipo akhala akupempha kuti aziloledwa kugulitsa kuti ndalamazo zithandize midzi imene imakhala ndi njovu. Analoledwa kawiri kokha, mu 1999 ndi mu 2008, ndipo anthu akukanganabe ngati malonda awiriwo anathandiza kapena anadzutsa msika umene unapha njovu zambiri m'zaka zotsatira. Mkangano umenewo ndi weniweni, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Koma onani kusiyana kwake. Maboma amenewa amaimirira pamsonkhano wa CITES, n'kutchula mnyanga kuti mnyanga, n'kupempha poyera, ndipo akakanidwa amabwerera kwawo nkhokwe zili zotseka. Ngati Harare, amene amalipira alonda a nkhalango ndi kuika maliro a ophedwa ndi njovu, saloledwa kugulitsa, wogulitsa zakale sangabwereke dandaulo la Harare kuti adzikhululukire. Kuchokera pa mapaundi 140 ake palibe tambala imene idzafika ku Hwange.

Tsono munthu amene ali ndi lumo la mpini wa mnyanga achite chiyani? Palibe akumuuza kuti aliponye m'moto. Lamulo la ku Britain silimuletsa kulisunga, kulipereka ngati mphatso kapena kulisiyira mwana wake. Ngati linali la agogo ake, alinole, azimetera, ndipo mwanayo akafunsa amuuze chimene chili m'manja mwake. Ngati akufuna ndalama, ntchito yake ndi yochepa: kukhula timisomali tiwiri, kuchotsa mpini, kuikapo wa nyanga kapena wa mtengo, n'kugulitsa lumo. Chometa ndi chitsulo. Mpini ntchito yake ndi kubisa kuthwa lumo likapindidwa ndi kulemeretsa dzanja pang'ono, ndipo nyanga ya ng'ombe imachita zimenezo mofanana. Apa osonkhanitsa malumo amalira kuti mwawononga chinthu cha mbiri, mwachotsa mmene chinalili poyamba. Ndimaseka. Anthu omwewa ndi amene amagula lumo lopukutidwa mpaka dzina la wopanga kufufutika, osadandaula. Mbiri amaikumbukira pokhapokha ikakhala yoyera ndi yodula.

Osonkhanitsawa ndili nawonso mawu, ngakhale mlandu wawo ndi wocheperako. Ndinalowapo m'nyumba ya munthu wina wa malumo odzaza madirowa, onse opakidwa mafuta, aliwonse m'kathumba kake, mwini wake ali ndi ndevu zofika pachifuwa. Anandionetsa limodzi limodzi, akutchula m'lifupi mwake, ili 6/8, ili 7/8, ili 8/8 ya inchi, ngati munthu wowerenga ng'ombe zimene sakama. Anthu otere ndi amene akweza mitengo mpaka mnyamata wofuna lumo limodzi loti azimetera amathawira ku tizitsulo totchipa tonyezimira tosagwira kuthwa, n'kudzicheka, n'kunena kuti malumo ndi misala. Ndipo ndi anthu omwewa amene amasunga msika wa mnyanga uli moyo, chifukwa munthu wometa safuna kudziwa ngati mpini ndi wosowa. Amafuna kudziwa ngati lumo likumeta. Wonola uja wa ku Porter Brook sanapereke mapapo ake kuti ntchito yake izigona m'dirowa.

Langa lija la mapaundi 15 sindinalipukute. Ndinachotsa dzimbiri ndi dzanja, ndi kansalu ndi mafuta, ndinalitsuka ndi sipiriti, ndipo mawanga otuwa amene zaka zinasiya ndinawasiya momwemo. Likaikidwa pakuwala, m'mbali mwake mumaoneka timizere tating'ono toimirira, tochokera pamsana kutsikira kukuthwa. Ndi mapazi a mwala wa wonola. Pa zonse zimene zili palumoli, ndi malo okhawo pamene munthu amene analipanga anasiya chizindikiro chake, ndipo makina opukutira amachotsa timizere timeneti m'mphindi imodzi.

Patapita masabata atatu ndinabwereranso kumsika kuja, nditakonza mawu onsewa m'mutu. Mkulu uja analipo, nsalu yobiriwira inalipo, koma lumo lija linali litapita. Pamalo pake panali lina, laling'onoko, lowala chimodzimodzi, ndipo pa kapepala kake panalembedwa French ivory, mapaundi 120. Anandizindikira, nandipatsa moni mwansangala, n'kundiuza kuti nditole ndione. Ndinalitembenuza padzuwa. Mpini unali wopyapyala ngati chikhadabo, ndipo timisomali anatikhoma popanda timphete.